Waya pa Gitala ya Amalume

Amalume anga anagwira ntchito zaka zambiri ku Doornfontein kwa mzungu wina wokalamba wopanga magitala pamanja. Analowa ngati wosesa, koma pochoka anali akudziwa kupala thabwa mpaka kupyapyala moti ukaliloza padzuwa kuwala kumaonekera. Mzunguyo atamwalira ana ake anagulitsa zonse, amalume n'kutsala ndi matabwa angapo ndi zitsulo zawo. Ndi matabwa amenewo anapanga gitala imodzi yokha, yawoyawo, m'kachipinda kakuseri ku Cosmo City komwe tinkakhala awiriwiri. Inawatengera zaka zitatu, Loweruka ndi Loweruka. Ine ndinkawaseka kuti pamene iwo akunola tchizulo, kufakitale adzaza kale lole.

"Zakufakitalezo amazipanga kuti zisasweke m'lolemo," ankandiyankha. "Thabwa lokhuthala ngati chitseko, vanishi mbwee. Iyi ndikuipanga kuti iziyankhula."

Ndipo inkayankhuladi. Ukangokhudza chingwe chimodzi unkamva thabwa lonse likunjenjemera pamimba pako. Zingwe zake zinali za nayiloni, mawu ake ofatsa, okoma, osakuwa.

Chaka chomwe anaimalizacho amalume anadwala sitiroko, dzanja lamanja n'kuuma. Sanaidyerere n'komwe. Tsiku lina anandiitana n'kuikankhira kwa ine ndi dzanja lotsalalo. "Mphwanga, gitala ikangokhala imaiwala mawu. Uzikaiyimba kutchalitchi."

Kwaya yathu ndi ya Amalawi okhaokha, ndipo Amalawi akasowa kwawo amayimba mokweza. Pali ng'oma, pali chisekese, pali amayi a mawu othyola denga. Sabata yachiwiri wotsogolera kwaya anatiimitsa pakati pa nyimbo.

"Eish, achimwene, gitalayo mukuiyimba kapena mukungoisisita? Kumbuyoku sikumveka, mfowethu."

Anthu anaseka. Ine chilema changa n'chimenecho, sindipirira kusekedwa. Komanso kwathu ku Ntcheu tinakula ndi magitala achigubu, zingwe zake waya wa mabuleki a njinga. Kwa ife gitala yeniyeni inali yawaya, nayiloni tinkati ndi yowedzera nsomba. Lolemba ndikuchokera ku Midrand, komwe ndimasamalira maluwa a anthu, ndinadzera m'tauni n'kugula zingwe zachitsulo. Amalume sindinawafunse. Ndinkadziwa kuti akana, ndipo sindinkafuna kumva chifukwa chake.

Lamlungu lotsatira gitala inalira mpaka kunja, amayi n'kuimba nthungululu. Ndinabwerera kunyumba mapewa ali m'mwamba. Lamlungu linanso chimodzimodzi. Lachitatu lotsatira ndinatsegula chikwama chake kuti ndiyeserere nyimbo. Kamtengo komangirira zingwe kanali katazuka pamodzi ndi chibenthu cha thabwa, mng'alu utayenda mpaka pabowo lotulukira mawu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti waya amakoka mwamphamvu kuposa nayiloni, ndipo thabwa lopyapyala chonchija silingapirire. Ya kufakitale mwina ikanalimba. Chomwe chinkaikometsa ndi chomwe chinaiphetsa m'manja mwanga.

Apa ndinachitanso uchitsiru wachiwiri. Ndinaibisa pansi pa bedi langa, m'mawa mwake n'kukagula ina m'sitolo, yanayiloni, mtundu wake wofananako. Maso a amalume anali atayamba kale kuchita chidima, ndiye ndinati ndikamayimbira kuseri kwa katani yogawa chipinda chathu sadziwa. Nditaweruka ndinakhala pabedi n'kuyamba nyimbo yomwe ankaikonda. Sindinamalize ndime yoyamba.

"Bwera nayo kuno."

Ndinaiika pamiyendo pawo. Sanakhudze chingwe n'chimodzi chomwe, anangoinyamula ndi dzanja lamanzere, kumva kulemera kwake, n'kuitsamiritsa kukhoma.

"Yanga ili kuti?"

Ndinagwada n'kuisolola pansi pa bedi. Anayendetsa chala pa waya, kenako pamng'alu, pang'onopang'ono, kuyambira pomwe unayambira mpaka pomwe unathera. Ndinkafuna andikalipire, anditukwane ndi mayi anga omwe.

"Amalume, ingakonzeke?"

"Ingakonzeke. Timitengo tam'katimu ndinatiyala ndekha, ndikudziwa pomwe kalikonse kagona." Anayang'ana dzanja lawo louma lija. "Ukanandifunsa, mphwanga."

Ndinalira ngati mwana, ine bambo wandevu. Ndinapempha kuti ndikhale manja awo, iwo azingondiuza. Tinayesa kamodzi. Manja anga ndi ozolowera khasu ndi chikwanje, tchizulo inalowa kwambiri n'kubenthula pena. Anandilanda mwakachetechete, ndipo sindinapemphenso.

Anapitiriza okha. Ndikaweruka ndinkawapeza atapana gitalayo ndi maondo, chibwano chili pakhosi pake, dzanja limodzi likuyesa kugwira ntchito ya manja awiri. Guluu ankauma asanalumikize. Tchizulo inkagwa pansi, iwo n'kudikira mpaka ine ndibwere ndidzawatolere. Masiku ena ndinkazengereza dala pa renki ya taxi poopa kukawaona ali choncho. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero.

Madzulo ena ndinapeza zitsulo zonse atazipukuta mafuta n'kuzikulunga m'chitenje, atamanga mfundo ndi mano.

"Kaike pamwamba pa wadirobu," anatero. "Kukhomako, komwe sindingafikire."