Mayi Esinala ndi Sikelo ya ku Banki

Lachiwiri lapitali ndinadya kalongonda waulere, nyemba zija zovuta kuphika. Amene mumamudziwa kalongonda mukudziwanso kuti munthu saphikira mnzake chakudya chimenechi mwangozi. Amatha mtolo wa nkhuni, amafuna kutaya madzi kangapo, ndipo amakhala pamoto tsiku lonse. Mukaona mayi akubwera naye pakhomo panu m'mbale yovundikira bwino, dziwani kuti pali chimene mwachita.

Chimene ndinachita ine n'chaching'ono. Ndinangoperekeza munthu ku banki.

Munthuyo ndi Mayi Esinala. Ndisanapume ntchito ndinali kalaliki wa pasikelo pa esiteti ina kuno, ndipo iwo anali mmodzi wa othyola tiyi amene ankandisowetsa mtendere. Ntchito yanga inali kuyeza masamba, kuchotsera kulemera kwa dengu, kuchotseranso madzi ngati kwagwa mvula, kenaka n'kulemba m'buku. Mayi Esinala sukulu sanapite nayo patali, mpaka lero amasaina ndi chala, koma singano ya sikelo ankaiwerenga kuposa ine mwini ntchito.

"A Kalaliki, mvula yake iti mukuchotsera madziyo? Mame awa? Kwezaninso dengulo tione."

Ndinkakwezanso, anthu pamzere akuseka. Ndisaname, nthawi zambiri olondola ankakhala iwo.

Masiku ano nawonso anapuma. Ali ndi kamunda kawo ka tiyi kumbali ya Khonjeni, ndipo fakitale ikagula masamba imalipira kudzera mu akaunti imene esiteti inawatsegulira kalekale, itasiya kulipira anthu m'maenvulopu. Maondo sawalolanso kuima pamzere wa makina otapira ndalama, choncho mwezi uliwonse amene ankapita ndi khadi la ku banki ku Boma anali mng'ono wawo, Mayi Rozina. Onse awiri amuna awo anamwalira. Nyumba zawo n'zoyang'anizana pamalo amene anawasiyira mayi awo, ndipo mwa onse amene anabadwa m'mimba imeneyo atsala awiri okhawa.

Vuto linali lakuti ndalama inkaperewera mwezi ndi mwezi. Osati yambiri, yongokwana paketi ya shuga ndi sopo. Koma munthu amene ankandikwezetsanso dengu chifukwa cha theka la kilo mungamubisire paketi ya shuga? Makilo ake akuwadziwa, mtengo akuudziwa, kapepala ka ku fakitale ali nako m'nsalu.

Mawu akuti "wakuba" sanatuluke pakamwa pawo. Anangoti tsiku lina, "Iwe Rozina, bweretsa khadi lija ndizisunga ndekha." Lamulungu lotsatira anasintha benchi kutchalitchi. Panapita miyezi itatu anthu oyamwa bere limodzi akungopatsana moni wa pamsewu, wina akusesa bwalo lake mpaka pakati n'kulekezera pomwepo.

Kenaka Mayi Esinala anatulukira kwathu, khadi lili m'manja.

"A Kalaliki, muzikanditapira ndi inu. Inu bola munkandibera poyera, ine ndikuona."

Ndinaseka, koma ndinakana. Ndinati, "Mayi, ikakaperewera ndi ine mukhala benchi iti? Tchalitchi chathu n'chaching'ono. Tiyeni tikapemphe sitetimenti."

"Chimenecho n'chiyani?"

"Ndi buku la sikelo la ku banki. Chilichonse cholowa ndi chotuluka amalemba mmenemo."

"Amalola kuti munthu wamba alione?"

"Ndi lanu limenelo, Mayi."

Anandifunsa kuti, "Langa bwanji poti lili kwa iwo?"

Funso limeneli ndakhala ndikulitafuna mpaka lero. Ndi angati mwa ife amaganiza chimodzimodzi? Timaona ngati zimene banki inalemba za ife ndi chinsinsi cha banki, ndipo ife ndi alendo obwera kudzapempha madzi akumwa. Komatu dzina ndi lathu, chala ndi chathu, thukuta ndi lathu.

Tinapita Lachinayi, kabaza kaye, kenaka minibasi, chitupa cha unzika chitamangidwa pakona ya nsalu. Pakhomo la banki mlonda anatiloza kunja. "Agogo, makina ali uko." Ndinamuuza kuti tabwerera zam'kati, ndipo anatitsegulira mwaulemu ndithu.

Zimene ndinaona m'katimo zinandimvetsa chisoni. Mayi aja ankagwedeza shedi yonse ya sikelo ndi mawu awo anasanduka kamwana. Anapukuta mapazi kawiri pakhomo. Anakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando. Titafika pa tebulo la mtsikana wothandiza makasitomala, anayamba ndi kupepesa. "Pepani bwana, takuvutitsani." Maso ali pansi, mawu osamveka.

Kupepesa chiyani? Fakitale simapepesa ikamayeza masamba athu. Wogulitsa nsomba pamsika wa Goliati sitimupepesa tikamamuuza kuti mulu wachepa. Koma tikangoponda matailosi ozizira aja, tikaona anthu ovala mataye kuseri kwa galasi, timayamba kupepesa.

Mtsikanayo anali wa mtima wabwino. Anatiuza kuti sitetimenti ya zaka ziwiri ili ndi mtengo wake pa tsamba lililonse. Inde, kuti udziwe zimene akudula, amayamba akudula kaye. Tinavomera. Makina analira, mapepala anatuluka ofunda, ndipo iye anawayala patebulo.

Apa m'pamene Mayi Esinala anga anabwerera. Anasendeza mpando, anaika chala pamzere woyamba.

"Apa pakuti chiyani?"

"Ndi ndalama yolowa kuchokera ku fakitale, agogo."

"Imeneyo ndikuidziwa, yakwana. Nanga apa?"

"Ndi chaji ya pamwezi yosungira akaunti."

"Kusunga. Chabwino, ngakhale mlonda amalipidwa. Nanga timizere tiwiri tofanana iti?"

"Ndi kufunsa balansi pamakina, kuti mwatsala ndalama zingati. Wotapa ndalamayo amafunsa asanatape, n'kutulutsa kapepala. Akatapa amafunsanso, n'kutulutsa kena. Kulikonse kuli ndi chaji yake."

"Bwerezaninso mwananga, tione."

Mtsikanayo anabwereza, mwezi ndi mwezi, chala cha Mayi Esinala chikutsika naye limodzi. Mwezi uliwonse nkhani inali yomweyo: kufunsa, kutapa, kufunsanso. Ndalama yotapidwa inali yeniyeni imene Mayi Rozina ankafika nayo kunyumba, osachotsapo ngakhale ya kabaza.

Mayi Esinala anachotsa chala papepalapo. Kenaka anatembenukira kwa ine n'kunena motsitsa kuti, "Ndiye timapepala tija Rozina ankandipatsa tiwiritiwiri. Ine ndinkati akundiphimba m'maso. Ndinkayatsira moto."

Mwamva zimenezo? Mng'ono wawo, poopa kuti angamuganizire zoipa, ankatulutsa umboni kawiri ulendo uliwonse. Ndipo umboni womwewo ndi umene unkadya ndalama n'kumusandutsa wakuba. Ndinayang'ana kudenga kuti mtsikana wa ku banki asaone maso anga.

Panatsala mzere umodzi, wobwera mwezi uliwonse, nthawi zina kangapo. Mtsikanayo anati imeneyo ndi chaji ya mauthenga a pafoni, aja amakudziwitsa ndalama ikalowa kapena kutuluka.

"Uthenga wanji? Foni yanga imangolira akaimba mwana wanga wa ku Lilongwe basi."

Mtsikanayo anawerenga nambala imene inali mukompyuta. Sinali yawo. Ndinailemba kuseri kwa sitetimenti, ndipo titatuluka pakhonde ndinaiimba. Anayankha mawu amene ndinawazindikira nthawi yomweyo. Anali a Layisoni, amene anali kapitawo wa gulu la Mayi Esinala masiku aja, pano anapuma ndipo akulima chinangwa kwawo.

"Ha, a Kalaliki! Mudakali moyo? Muli ndi a Esinala? Muwauze kuti mwezi wa mvula uja masamba anawayendera bwino, ndinaona. Koma bwanji miyezi itatu iyi sakutapa? Ndimati mwina akudwala."

Nkhani yake ndi iyi. Pamene esiteti inkatsegulira anthu maakaunti, a ku banki anabwera ndi mafomu n'kukhala pansi pa mtengo pafupi ndi ofesi. Othyola ambiri nthawi imeneyo analibe mafoni, ndipo fomu yopanda nambala ankaibweza. A Layisoni, pofuna kuti anthu awo asaphonye peyi, analemba nambala yawo pa fomu ya aliyense wopanda foni. Kuyambira pamenepo akhala akulandira mauthenga a anthu angapo, akudziwa amene walandira, amene watapa, amene zamuvuta. Iwo ankaona ngati ndi mmene zinthu zimayendera.

Sindingawanene kuti analakwa. Anathandiza anthu tsiku limenelo. Koma tangoganizani, zaka zonsezi munthu kulipira kuti bambo wina wa kutali azidziwa za m'thumba mwake!

Tinabwereranso m'kati. Ulendo uno Mayi Esinala sanapukute mapazi. Ndinapempha pepala n'kulemba kalata m'Chichewa chomwechi, yopempha zinthu ziwiri: kope la fomu imene anadinda chala potsegula akaunti, ndi kubwezeredwa ndalama ya mauthenga amene sanawapemphe ndipo sanawalandirepo. Iwo anadinda chala. Ndinaumirira kuti a ku banki aijambule kalatayo, kope lathu alidinde chidindo ndi tsiku. Zimenezi ndinaphunzira pasikelo: chimene sichinalembedwe sichinachitike.

Patapita milungu iwiri a ku banki anaimba. Fomu inapezeka, ndipo kabokosi kopempha mauthenga a pafoni kanali kosachonga. Anavomera kubweza ndalama ya mauthengayo ndi kusintha nambala. Ya kufunsa balansi anakana, anati ntchitoyo makina anaigwira, ndipo ine ndikuona kuti pamenepo sanalakwe.

Ndinene zoona, pakuti sindikufuna wina athamangire ku Boma poganiza kuti akabwerako ndi njinga yamoto. Ndalama imene inabwezedwa, mukachotsapo ya sitetimenti ndi maulendo awiri a kabaza ndi minibasi, yotsala singagule nkhuku. Ndiponso ine nditachita manyazi, poona kuti ndikulangiza ena zimene sindinachitepo, ndinakapempha sitetimenti yanga. Ndinaiwerenga mzere ndi mzere, magalasi ali pamphuno, ndikuyembekeza kugwira mbava. Sindinapeze cholakwika chilichonse. Zonse zimene ankadula ndinazivomera ndekha, kungoti ndinasaina osawerenga. Komabe ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo, ngati munthu amene wakwezanso dengu n'kupeza kuti sikelo ili bwino.

Choncho sindikunena kuti mabanki onse amatidyera masuku pamutu. Ndikunena kuti kumeneko kumagwira ntchito anthu ndi makina, ndipo onsewa amalakwitsa. Kalaliki amene akudziwa kuti palibe adzayang'ane buku lake amayamba ulesi, ndikulankhula ngati mwini ntchito. Ine ndinkayeza mosamala kwambiri tsiku limene Mayi Esinala ali pamzere.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ndalama ikaperewera sitithamangira kukafunsa kumene ikusungidwa. Timayang'ana amene ali pafupi. Mkazi amakayikira mwamuna, bambo amakayikira mwana amene anamutuma ndi khadi, mkulu amakayikira mng'ono. N'kosavuta kukwiyira m'bale kusiyana ndi kufunsa munthu wa taye. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma masiku ano safunsa amadyetsanso phulalo abale ake.

Ulendo wachiwiri wa ku banki, wokadinda chala posintha nambala, ine sindinapite nawo. Ndinangomva kwa akazi anga kuti anaona njinga ziwiri za kabaza zitatsogozana m'mawa, kutsogolo Mayi Esinala, kumbuyo Mayi Rozina atanyamula ndodo ya akulu awo. Zimene anakambirana asananyamuke sindikuzidziwa, ndipo sindinafunse. Za pabanja zili ndi eni ake.

Ndiye Lachiwiri lija anafika onse awiri, mbale ya kalongonda atasenza Mayi Rozina. Tinakhala pakhonde. Mayi Esinala anandifotokozera mmene foni yawo inalirira ndalama yobwezedwayo italowa, uthenga woyamba wa ku banki m'moyo wawo, ndi mmene anayendera nawo nyumba zitatu kuti anthu awawerengere, ngakhale woyamba anali atawerenga kale bwinobwino.

Ndinafunsa kuti kalongondayu waphika ndani.

"Nkhuni ndi zanga," anatero Mayi Esinala.

"Moto ndinasonkhezera ndine, achemwali ankangolamula," anatero Mayi Rozina.

"Nanga khadi lili ndi ndani?"

Mayi Rozina anagwira pachifuwa pomwe analimangirira. Akulu awo sanawayang'ane, anangoyang'ana kumapiri a tiyi, n'kunena kuti, "Ndamuuza kuti asamatulutsenso timapepala take tija. Akanena ndi pakamwa basi, ine ndamva."

Mayi Rozina anaseka, kenaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. Ine ndinatanganidwa ndi kalongonda.

Tsono inu amene mukuwerenga, pamene ndalama ija inaperewera mwezi watha, munakafunsa buku la sikelo, kapena munangosintha benchi?