Timababu ta a Efulemu m'chigafa

Ku Mitundu a Efulemu ankadziwika ndi diso. Tsamba la fodya ankangolitembenuza kamodzi n'kudziwa mulu wake, ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri kalabu ya alimi a m'mudzi mwawo sinkadinda belo iwo asanaione. Ulemu wawo wonse unali pamenepo, chifukwa munda wawo unali wochepa ndipo kutchalitchi sankaimba bwino.

Analinso ndi matenda ena, okonda kugwiragwira mawaya. M'chigafa mwawo munali batire la galimoto ndi mababu awiri, koma mababuwo ankadya moto ngati alendo a pamaliro. Masiku atatu alionse batire linkakwera njinga kupita kotchajitsa.

Mu 2004 pamsika panafika matochi otchipa okhala ndi timababu tating'ono ngati nandolo, tomwe wogulitsa ankati ndi ma LED. A Efulemu anagula matochi asanu n'kuwaphwasula onse. Toyamba tinapsa atangotigunditsa ku batire. Kenako anazindikira zotilumikiza tinayi tinayi pa kansungwi, ndipo tinayaka mbee, batire n'kutha milungu itatu osakwera njinga. Anthu anabwera kudzaona, ndipo pofika Meyi a Efulemu anali ataika timababuto m'nyumba zisanu ndi zinayi. Kulikonse ankanena mawu amodzimodzi: kuwala kumeneku n'chimodzimodzi dzuwa.

Kale fodya ankasankhira pakhomo la chigafa, pomwe pamafika dzuwa, ngakhale mphepo ya mu Juni inkaumitsa masamba mpaka kuthetheka. Chaka chimenecho anatchinga pakhomo ndi chiguduli n'kusankhira mkati, ndipo fodya wa kalabu ankaonera momwemo. Akazi awo, a Zipora, anayang'ana milu ija n'kunena kuti, "Bambo a Pempho, fodyayu bwanji akuoneka wofanana yense?"

"Ndiye kuti chaka chino tachiza bwino," anayankha choncho osadzutsa mutu.

Mabelo asanu ndi awiri a kalabu anabwezedwa ku okushoni, akuti fodya wosakaniza. A Efulemu anamasula belo imodzi pabwalo masana, ndipo manyazi anawagwira. Masamba obiriwira anali gwirane ndi ofiira, zoti ngakhale mlendo wa m'tauni akanaona. Analowa nawo m'chigafa, pansi pa timababu tija, ndipo onse anasanduka otuwa mofanana. Anatuluka, analowanso, katatu konse. Mtima unakhala pansi pang'ono, poti maso awo analibe mlandu.

Pamsonkhano wa kalabu anaimirira ndi masamba awiri m'manja n'kufotokoza zonse. Anthu anamvetsera mwaulemu. Kenako tcheyamani, a Masozi Kalonga, omwe m'nyumba mwawo munali timababu khumi ndi tiwiri, anatsokomola.

"Akulu, magetsi aja ife tikuwaona tsiku lililonse. Mayi akunyumba amalowetsa ulusi pa singano ndi magetsi omwewo. Si inu nomwe munati n'chimodzimodzi dzuwa? Kukula sikuchititsa manyazi, maso amatopa."

Onse anavomereza ndi mitu, mwachifundo, ndipo chifundocho n'chimene chinawapweteka a Efulemu kuposa mabelo aja. Ntchito yoona fodya inapatsidwa kwa a Gilibati, mlamu wa tcheyamani, ndipo msonkhano usanathe a Gilibatiwo anapempha a Efulemu kuti awaikire timababu m'chigafa mwawo.

Loweruka a Efulemu anapita ndi kansungwi ndi mawaya awo. Anaika bwinobwino monga mwa masiku onse, tinayi tinayi. Pomanga chikwama anati, "Alamu, magetsiwa ndi oyendera ndi omangira fodya. Posankha muzitulutsa panja."

A Gilibati anawagwira paphewa n'kuwaperekeza mpaka panjinga.

"Musadandaule, achimwene. Anga maso akuonabe."