Khutu la Amayi la Kumanzere

Amayi anga samvanso ndi khutu la kumanzere. Amagwira ntchito yothandizira anamwino pa chipatala chaching'ono cha kwathu, kufupi ndi Muloza. Amakolopa, amakweza ana pa sikelo, ndipo m'mawa amaitana odwala. Kumeneko pa mzere sipaima anthu, pamaima mabuku. Wofika amasanjika buku lake la kuchipatala pa mulu n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Amayi amatembenuza muluwo kuti la pansi likhale pamwamba, n'kuyamba kuitana.

Ndinali Fomu 2, tili pa holide, tsiku limene ndinawapititsira ambulera. Kunafika mayi ndi mwana wokomoka, thupi lili moto. Anamwino anauza amayi anga kuti mwanayo alowe msanga. Lamulo limatero, koma anthu a pansi pa mango panalibe amene anawafotokozerapo.

Bambo wina wa kabaza anali atafika mbandakucha ndi mkazi wake, buku lawo linali loyamba. Anaimirira n'kunena kuti amayi alandira kangachepe. Amayi anayamba kufotokoza, manja onse ali ndi mabuku. Iye anawawomba mbama pa khutu, mabuku n'kumwazikira m'matope. Mlonda anali atatumidwa kumsika kukagula nthochi za akuluakulu. Anthu anathamangira kutola mabuku awo kuopa kuti malo angawaphonye. Amayi ndinawadzutsa ndine.

Komiti ya chipatala inakumana patatha sabata. Bamboyo anabwera ndi zinanazi ziwiri. Apampando anati, "Mayi, mukhululukireni, ndi mwana wa m'mudzi momwe muno. Nkhanizi zikafika kupolisi chipatala chimaipa mbiri." Amayi anati zikomo, atagwada. Zinanazizo ine sindinadyeko.

Pakhoma anamatapo pepala loletsa kumenya ogwira ntchito, mvula inalifufuta. Ndinang'amba tsamba m'kope langa la Bayoloje n'kulembera komiti, kupempha kuti m'mawa uliwonse wina aziuza anthu kuti wodwalitsitsa ndiye amayamba. Sanandiyankhe. Tsopano amayi amanena okha mawuwo asanagwire mulu, ndipo akuti anthu ambiri amavomera. Mlonda amatumidwabe.

Ine ndikufunabe kudzakhala namwino, ndipo nkhani zofunika amayi ndimawauza nditaima kumanja kwawo. Tsiku limene ndinawauza za unamwino ndinaiwala, ndinanenera kumanzere. Anapitiriza kusita yunifolomu yawo osacheuka. Mpaka lero sindinawafunse ngati anamva.