Mpanda umene alongo anga anawamangira atate

Alongo anga aakulu amakhala ku Lusaka, ndipo ali ndi matenda amene anthu ambiri a kumeneko amadwala: amakhulupirira kuti chimwemwe chimabwera pa lole. Akamva kuti munthu wakhumudwa, safunsa chamukhumudwitsa, amafunsa chimene chikusowa m'nyumba mwake. Ine mlongo wawo wamng'ono, amene ndinabwerera kwa makolo ku Chipata banja langa litatha, ndinaona ndi maso angawa malole akutsitsa chimwemwe pakhomo pathu. Wochipukuta fumbi tsiku ndi tsiku ndinali ine.

Atate anali mphunzitsi wopuma pa ntchito, wokulira ku mishoni ya Tamanda, mkulu wa mpingo, munthu woti ngakhale popita kukatsegulira nkhuku ankapisira malaya. Nyumba yathu ili m'mbali mwa msewu wafumbi wotulukira m'tauni. Kale inalibe mpanda, kupatula timaluwa ta amayi timene mbuzi za aneba zinkatidulira mwaulere. Atate ankakhala pakhonde kuyambira m'mawa, ndipo aliyense wodutsa ankapatsidwa moni, afune asafune. Anjinga onyamula makala, amayi opita kumsika, madoda a dazi amene atate anawakwapulapo ali ana, onsewo ankaima n'kufunsidwa za kwawo mpaka tomato wawo ayambe kufewa m'dengu.

Koma mlendo weniweni anali wa Loweruka. Anali mdala wa ku Kasenengwa, mlimi wa thonje ndi mtedza, Mkatolika wa kolona m'khosi, wosiyana mpingo ndi atate. Anadziwana atate akuphunzitsa m'mudzi mwawo, onse akadali ndi mano okwanira. Ife ana tinkawatcha atate a nshawa, poti sankafika chimanjamanja: kumbuyo kwa njinga yawo yakuda kunkakhala kathumba ka nshawa, ndiye kuti mtedza, nthawi zonse. Odi ankamuyamba akadali kumsewu, ndipo ankamveka mpaka kuseli kwa bafa. Akakhala pansi, awiriwo ankasesa maenje a nsolo amene anakumba pabwalo patsinde pa mango, n'kuyamba ntchito ziwiri zimene ankazidziwa bwino, kuberana miyala ndi kukangana za kumwamba.

"Aphunzitsi, mukadzafika mudzatipeza ife takhala kale," ankatero mdalayo. "Koma musadandaule, tidzakusungirani benchi yakumbuyo."

"Inu mudzachedwa panjira, akulu," atate ankayankha. "Muli ndi siteshoni ija yokatsukidwa kaye. Yanga ine ndi basi yosaima."

Akunena zimenezo, mkulu wa mpingo ali ndi mwala wa mnzake pansi pa phazi. Ndinawaonapo ndekha, ndipo sindinaulule.

Amayi atamwalira, atate anazima. Chakudya ankangochinyonyotsola, moni wa pakhonde unafupika, lamba anamuboolanso bowo lina. Azimayi a ku mpingo ankabwera ndi nyimbo, abusa ndi mavesi, ndipo atate ankathokoza mwaulemu. Atate a nshawa okha ndi amene sanabwere ndi mawu otonthoza. Ankafika, kusesa maenje, n'kuyamba kuba poyera ngati amene alibe manyazi. Tsiku loyamba kumva atate akuseka chimwalirire amayi linali tsiku limene anawagwira dzanja mnzawoyo likulowa m'dzenje losayenera.

Ndiye kunabwera alongo anga. Anatsika m'galimoto, anaona atate pakhonde atavala patapata wakutha, fumbi la msewu likuwakwirira, ndipo nkhope yawo inagwa.

"Adadi sali hape, sakusangalala," anandiuza kukhitchini. "Taona mmene akukhalira, ngati alibe ana. Aliyense wodutsa akuwaonera m'mbale. Ndiyenera kuchitapo kanthu."

Ndinawauza kuti atate akulira mkazi wawo, sakulira simenti. Anandiyankha kuti ine ndazolowera za kumudzi, ndiponso munthu amene banja linamukanika asamaphunzitse anzake za chimwemwe. Ndinaluma mano n'kupitiriza kutsuka mbale.

Malole anayamba kufika. Mabuloko, mchenga, geti lachitsulo lolemera, mabotolo ophwanya oti aike pamwamba pa mpanda. Mango anadulidwa chifukwa masamba ake akanadetsa pabwalo, ndipo pabwalo ponse anayalapo timiyala ta simenti, maenje a nsolo n'kukwiririka pansi pake. M'nyumba munalowa wailesi yakanema yaikulu ngati chitseko, ndi mipando yofewa yoti nkhalamba ikakhalapo imafuna anthu awiri oidzutsa. Pomalizira kunabwera galu wa ubweya wambiri amene ankadya bwino kuposa ine. Pageti anaikapo kabelu ka magetsi, ndipo mukudziwa nokha mmene magetsi amatichezera masiku ano.

Atate sanakane. Munthu woleredwa ku mishoni sakana mphatso, amavula chipewa n'kupemphera. Alongo anawajambula ataima pageti, chithunzi chinazungulira pa mafoni a abale onse, ndipo azakhali a ku Kitwe analemba kuti uyu ndiye mwana. Ponyamuka alongo analamula kuti geti lizikhala lokhoma usana ndi usiku, poti nyumba yooneka bwino imaitana akuba.

Loweruka lotsatira atate anavala malaya oyera n'kukhala pakhonde, akuyang'anizana ndi mabuloko, galu akuuwa pageti moti za kunja sizinkamveka. Ine Loweruka ndimakhala kusukulu kumene ndimaphunzitsa, kuthandiza ana okonzekera mayeso. Pobwera madzulo ndinawapeza ali pomwepo.

"Sanabwere?"

"Mwina njinga yaphulika," anatero.

Loweruka linalo njinga inaphulikanso. Kenako atate analeka kuitchula njingayo. Anasamukira m'nyumba, pa mpando womeza anthu uja, wailesi ili pamwamba kuti itseke phokoso la galu amene ankauwa chilichonse chodutsa kunja. Ankaonerera azungu akuphika zakudya zimene sadzazilawa. Tsiku lina ndinatchula za atate a nshawa, ndipo anandidula.

"Asiye. Aona mpanda, achita nsanje. Ndi mmene alili anthu."

Anazinena ndi mawu a mkulu wa mpingo, maso ali pa wailesi. Foni ya ku Lusaka ikalira, ankawongola msana. "Ndikusangalala kwambiri, mwana wanga, Mulungu akudalitse." Akatero ankandipatsa foni n'kukagona dzuwa likadali pamutu. Ndinkaona atate anga akutha mkati mwa nyumba yokongola kuposa zonse mumsewu wathu, ndipo ndinkachita mantha kuti tiwaika posachedwa.

Chilimwe chinadutsa chotero. Mvula yoyamba itagwa, ndinapita kukazula udzu m'kamzere ka dothi kamene omanga anasiya m'tsinde mwa mpanda, pafupi ndi geti, kumene galu ankakonda kugona. Sunali udzu. Unali mtedza, wamera mothithikana, ndipo pakati pake panali nsanza za timatumba tong'ambidwa ndi mano. Pakhomo pathu palibe anadzala mtedza.

Ndinawoloka msewu kukafunsa mayi wogulitsa zitumbuwa amene amakhala moyang'anana ndi geti lathu.

"Amadala aja a njinga yakuda? Ankabwera, sisi. Ankaima apo kuitana odi mpaka mawu kusasa, woyankha ndi galu basi. Akatopa ankaponya kathumba mkati n'kubwerera. Kenako analeka."

"Bwanji sankagogoda geti?"

"Ndinawauza kuti atole mwala amenye. Anati munthu wamkulu samenya chitsulo ndi mwala pakhomo pa mnzake, iwo si wakuba."

"Nanga inu osatiuza bwanji?"

Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Ine ndimayesa mwawatsekera dala. Si mwakwera?"

Ndinawagwira dzanja atate n'kupita nawo pa kamzere kaja. Sindinafotokoze zambiri. Anawerama movutikira, anazula kamtengo kamodzi, anakayang'ana nthawi yaitali, n'kukaika m'thumba la malaya ndi dothi lake lomwe.

"Mawa tikupita ku Kasenengwa," anatero. "Undisitire tayi."

Tinakwera basi, kotsalako n'kuyenda pansi pang'onopang'ono chifukwa cha maondo awo. Tinawapeza atate a nshawa atakhala pa mphasa pabwalo pawo, akusankha mbewu m'lichero. Pakhomo pawo palibe mpanda ngakhale wa udzu, munthu umaona mpaka nkhuku zimene zili kuseli kwa nkhokwe. Anatiwona tikubwera patali, n'kuweramitsa mutu.

"Odi!" anatero atate.

Zii.

"Odi kuno!"

Mdala uja anatola kambewu, anakatembenuza, anakataya. Akazi awo anasuzumira pakhomo la khitchini, anatseka pakamwa ndi chitenje n'kubwerera mkati. Atate anaimabe padzuwa ndi tayi wawo, thukuta lili chuchuchu, akuitana odi kwa munthu amene akanatha kumukhudza ndi ndodo.

Patapita nthawi mdalayo anayankhula, akuuza lichero. "Ndikumva ngati kunjaku kuli munthu. Koma mpanda wangawu ndi wautali, sindikumuona. Ngati ali ndi nshawa, aponye azipita."

Atate anapisa m'thumba, anatulutsa kamtengo kofota kaja n'kukaponya. Kanagwera m'lichero momwemo. Mdala uja anakayang'ana, ndipo atadzutsa mutu nthabwala zinali zitatha.

"Ndimati mwana wanu wakwera, ndiye ife onunkha utsi tatsika," anatero. "Zinandiwawa, aphunzitsi. Ndinkabwerera ndikukankha njinga, mphamvu zopalasa zitandithera."

"Ine ndimati mwachita nsanje."

"Nsanje? Ya ndende?"

Anaseka mpaka kutsokomola, atate akugwira phewa la mnzawo kuti akhale pansi. Ine ndinalowa kukhitchini kukalira, n'kunamizira utsi.

Loweruka lotsatira atate anandituma kutulutsa timipando tiwiri tamatabwa kunja kwa geti. Anatenga kakhasu ka maluwa a amayi n'kukumba maenje a nsolo m'mbali mwa msewu, m'tsinde mwenimweni mwa mpanda. Kuyambira pamenepo ndi kumene ankakhala, masiku onse, wailesi ikuonerera mipando m'nyumba. Anjinga anayambanso kuima, tomato anayambanso kufewa, ndipo lamba anabwerera pa bowo lake lakale.

Alongo anga anawapeza pomwepo pa Khirisimasi, nkhalamba ziwiri zili m'fumbi, zikutukwanizana za Papa, makoko a mtedza ali mbwee. Anatsika m'galimoto osatseka n'chitseko chomwe.

"Adadi! Anthu aziti chiyani? Ndakumangirani zonsezi kuti muzikhala panja ngati alonda?"

"Mpanda wako ndi wabwino kwambiri, mwana wanga," anatero atate. "Umatsamirika bwino, ndipo masana uli ndi mthunzi."

Sindidana nawo alongo anga, ngakhale nthawi zina ndimafuna kuwagenda ndi buloko lawo lomwelo. Amawakonda atate, ndipo zimawapweteka kuti amakhala kutali. Kungoti chikondi chawo sichidziwa kukhala pansi n'kucheza, chimangodziwa kuitana lole. Tsiku limenelo anayendayenda, anaimba mafoni osafunika, kenako anakhala pa njerwa n'kumaonerera masewerawo, ndipo ndinawaona akutola mtedza.

Atate a nshawa anamwalira dzinja lathali. Atate anapita kumaliro, ndipo mkulu wa mpingo amene moyo wake wonse ankanyoza zogwadagwada anagwada m'tchalitchi cha Akatolika ndi maondo awo owawawo, mpaka ndinachita kuwadzutsa. Potuluka anandinong'oneza kuti ndisakauze abusa.

Mwezi wathawu alongo anatumiza munthu wopenta, akuti mpanda wada. Ndi zoona, unada. Pamene awiri aja ankatsamira panatsala mabanga awiri a thukuta ndi mafuta a m'mutu, limodzi m'mwamba pang'ono, linalo m'munsi, poti mdala uja anali wamfupi. Wopentayo anayamba kukona, akubwera ndi burashi yake, atate ali pa kampando kawo akumufunsa za kwawo. Atafika pa banga lam'mwamba, atate anasuntha kuti apente. Atakweza burashi pa linalo, anamugwira mkono.

"Apa ulumphe, mwana wanga."

"Koma abwana anati ponseponse, adadi. Pazioneka poipa."

"Ulumphe," anatero atate. "Pali munthu apa."

Wopentayo anandiyang'ana, ine n'kumugwedezera mutu. Mpanda wathu tsopano ndi woyera mbee kuchokera kukona mpaka kukona, kupatula kabanga kakuda kamodzi pafupi ndi geti. Loweruka atate amatsamira pambali pake, n'kusesa maenje mbali zonse ziwiri.