Kope la Bambo

Kopelo linali lokutidwa ndi pepala lakhaki, ndipo linkanunkha utsi chifukwa mayi ankalibisa m'denga la khitchini. M'kati mwake munali kalembedwe ka bambo: zilembo zopendekera kumanja, g wake wa mchira wautali wopindika ngati mbedza. Zolembedwazo sizinali zachilendo, anali maphunziro a ana basi, mayina a mitsinje ndi mapiri.

Bambo anali mphunzitsi pasukulu ya kwathu, kumapiri a ku Msakambewa. Anawatenga masana, choko chili m'manja, galimoto itaima pansi pa mkuyu. Chimene analankhula sindichidziwa mpaka lero. Masiku amenewo munthu akatengedwa, dzina lake linkapita naye limodzi, anthu n'kumangoti "aja". Patatha sabata, aphunzitsi amene analowa m'malo mwawo anafika kwathu, osakhala n'komwe pansi, n'kuuza mayi kuti ndiyambe ndakhala pakhomo mpaka zinthu zitazizira. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ndinawada aphunzitsi aja zaka zambiri, koma pano ndimaona kuti nawonso anali ndi ana awo.

Mayi sankadziwa kuwerenga, komabe anatemetsa nkhwangwa pamwala kuti ndiphunzira kulemba pakhomo pomwepo. Nkhani inali yakuti ndizikopera buku liti. Aphunzitsi anali atasiya buku lasukulu lothothoka masamba. Amalume, mchimwene wa mayi, amene ankatsogolera mapemphero kutchalitchi kwathu, anabweretsa katekisimu.

"Mwana azikopera mawu a Mulungu, mlongo," anatero. "Amenewo samangitsa munthu."

Mayi analandira katekisimuyo ndi manja awiri, n'kumuika pawindo poonekera aliyense. Amalume atangotembenuka, mayi anakwera pamtondo n'kutsitsa kope la bambo.

Dzinja lonselo, tikabwera kumunda, ndinkakhala kuseri kwa nkhokwe ndi kopelo. Ndinayamba kulemba pansi ndi kamtengo, kenako pasileti, pomaliza papepala ndi cholembera cha inki cha bambo. Zala zanga zinkakhala zomata ndi utomoni wa fodya, mvula ikuwaza pamapazi, njala ikuluma. Mayi ankayang'ana zilembozo ngati akuyang'ana mkeka wolukidwa ndi mwana. Dzina la chilembo sankalidziwa, koma chikakhota molakwika ankachiona msanga.

"Mchira uwu wafupika. Fufuta."

Tsiku lina ndinawaseka kuti agwira kope chadodolido. Anandimenya ndi kamtengo kanga komwe mpaka chala chinatupa, ndipo kuyambira pamenepo sindinawasekenso. Ndinkadana nayo sukulu ya kuseri kwa nkhokwe ija, ndinenetse. Anzanga ankadutsa pamsewu akuimba, ine ndikubwereza g yemweyemweyo.

Chimene chinkawathamangitsa mayi ndinachimva ndili kusenda mawungu pakhonde. Bambo anali mkamwini, kwawo kunali ku Ntchisi, ndipo pamudzi pathu mawu omaliza pa mayi ndi ine anali a amalume, mwini mbumba. Iwo anati khomo la munthu wotengedwa likuika mbumba yonse pamoto, ndipo kunali bambo wina wa ku Chisepo, wangolo ndi ng'ombe, amene anali atafunsira kale.

"Tikakolola chimanga popanda uthenga wakuti ali moyo, ukwati umenewu watha."

Mayi anangonditumiza kukatenga sileti.

Chimanga chitayamba kuuma, mayi anang'amba tsamba loyera kumapeto kwa kope n'kunena kuti lero ndi mayeso. Ndilembe zimene azinena, mwa kalembedwe ka bambo, osalakwitsa. Ananena pang'onopang'ono, maso ali kumapiri. "Mkazi wanga, ndili moyo. Usadandaule. Mwana azilemba. Undidikire, ndidzabwera." Ndinafunsa ngati ndilembe dzina langa pansi monga timachitira kusukulu. Anati ayi, ndilembe la bambo, monga lilili pachikuto.

Loweruka anapita kumsika ku Madisi, pepalalo atalipinda kanayi n'kulimanga pansonga ya chitenje. Pobwera anakawagwadira amalume n'kunena kuti munthu wina wosamudziwa wawapatsa m'chigulu cha anthu, kenako n'kuzimiririka. Amalume anavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi, n'kuwerenga kawiri, milomo ikugwedera. Atatha anandiyang'ana. Inki inali isanachoke pachala changa chapakati, ngakhale ndinali nditachikwecha ndi mwala.

"Ndi kalembedwe kake," anatero, n'kubweza pepalalo.

Nkhani ya bambo wa ku Chisepo inathera pomwepo. Kaya amalume anakhulupirira, kaya anangomvera chisoni mlongo wawo, anapita nazo kumanda. Ine ndimakhulupirira kuti anadziwa, ndipo pa zonse zimene anachita m'moyo mwawo, bodza limene analilola tsiku lija ndi limene ndimawalemekezera.

Uthenga weniweni unafika patapita zaka zisanu ndi chimodzi, ndi munthu amene anali ndi bambo m'chipinda chimodzi kundende. Bambo anamwalira mvula ya chaka chomwe chija isanathe. Pamene ndinkalemba kuti "ndili moyo", n'kuti ataikidwa kale, kumalo kumene sitinakuonepo.

Koma masika aja zonsezi sindinkazidziwa. Chimene ndinkadziwa n'chakuti mayeso ndakhoza, chifukwa mayi sanandiuze kuti ndifufute. Chinkandizunguza mutu n'chimodzi chokha. Lamulungu lililonse tikabwera kutchalitchi, mayi ankandiitanira kuseri kwa nkhokwe, n'kumasula nsonga ya chitenje, n'kundiuza kuti ndiwawerengere kalata ya bambo. Ndinkawakumbutsa kuti mawuwo anawanena okha, ine n'kulemba.

"Werenga basi," ankatero.

Ndikafika pa "undidikire" ankatseka maso, misozi n'kuyamba kutsika. Ine ndinkaliyang'anitsitsa pepalalo ndi mantha, kufunafuna chilembo chimene ndalakwitsa.