Ndinavomera Kuitana Basi

Anagogoda Loweruka m'mawa, mwezi wa Novembala, chaka chija titangolowa m'zipani zambiri. Ndikati kugogoda ndikungowalemekeza. Chitseko chinalumpha, mbale za pa kabati zinalira, ndipo nkhuku za Area 25 yense zinasiya kuikira tsiku limenelo. Ine ndinali pa mkeka ndikupumitsa ubongo, poti ndinali nditangomaliza mayeso a Fomu 4. Amayi anali kuseri akuchapa bulauzi yawo yoyera ya kutchalitchi. Abambo anali kumudzi ku Rumphi, akukonza munda.

Pakhomo panaima apolisi awiri. Mayina awo sinditchula, siteshoni yawonso sinditchula. Wina anali wamtali moti mutu wake unkagunda malata, ameneyu tizimutcha Wamtali. Winayo mimba inkayamba kulowa m'nyumba, mwini wake n'kubwera pambuyo. Ameneyu ndi Wamimba.

"Mnyamata wapakamwa uja ndiwe?" anafunsa Wamtali.

"Pakamwa aliyense ali napo, bwana."

Mbama inatera pa khutu lamanzere. Ndinaona nyenyezi, mwezi, ndi agogo anga omwe anamwalira ndisanabadwe. Amayi anathamanga thovu lili m'manja.

"Bwana, mwanayu walakwa chiyani?"

"Mukamvera konko, amayi."

Nkhani yake inali iyi. Pa msika wa Nsungwi pali telala, mkulu wachisilamu wa ku Mangochi, amasokera pa khonde la golosale. Tonse timangoti Che Telala. Ine pamenepo ndiye panali pa ofesi panga: kukhala, kucheza, kuuza anthu nkhani zaulere. Lachinayi lake ndinadzitama pagulu kuti makina awo osokerawo ndikhoza kuwanyamula ndi dzanja limodzi mpaka ku Njewa osapuma, dzanja linalo ndikudya chimanga chootcha. Anthu anaseka. Lachisanu masana Che Telala anafunditsa makina chitenje n'kupita ku mzikiti. Pobwera anapeza tebulo lokha, mutu wa makina palibe. Apolisi atabwera kudzafunsa, bambo wina wogulitsa zitsulo za njinga anakumbukira mawu anga.

Titafika ku polisi, pa kauntala anandivula lamba ndi nsapato. Masana anandilowetsa mu ofesi. Wamimba anakhala pa mpando ndi bolopeni, Wamtali anaima kumbuyo kwanga n'kuitana dzina langa lonse. Sindinayankhe msanga, khutu linali likulirabe.

"Iwe, kwanu sanakulere? Akulu akakuitana umatani?"

Apa mumvetse. Kwathu mukhoza kuswa kapu, amayi angokuyang'anani. Koma wamkulu akuitaneni inu n'kukhala duu, tsiku limenelo mudziwa kuti anakulira pa mishoni. Ineyo ndimavomera ngakhale ndili m'tulo. Kukwaya nakonso ndinali mbali ya ovomera nyimbo.

"Ndimavomera, bwana."

"Ndiye vomera."

"Wawa, bwana."

"Ukuvomera?"

"Ndikuvomera, bwana."

Wamtali anatembenukira mnzake. "Lemba. Wavomera."

Anaseka onse awiri. Inenso ndinaseka nawo, ndimayesa nthabwala. Kenako anafunsa kuti makina ndawabisa kuti.

"Sindinabe makina ine, bwana."

"Aa, wavomera pompano, ukusinthanso? Tiye kuseri ukakumbukire bwino."

Anthu amati ndimakokomeza. Apa ndingonena zimene zinalipo. M'chipindamo munali benchi ndi chidutswa cha paipi yakuda ya madzi. Anandigoneka chafufumimba, Wamimba anandikhalira pa miyendo. Ankamenya kunsi kwa mapazi. Akafunsa ndinkati sindinabe. Wamtali anati, "Masiku ano mukuti ufulu, ufulu. Wako uli pa kauntala, wausiya ndi nsapato." Atatopa anapita kukamwa tiyi. Ku chitokosi ndinapita chokwawa.

M'chitokosimo munali Lilongwe yense kupatula a ku Kawale awiri omwe anachedwa. Kuti utembenuke, umayenera kupempha chilolezo kwa anthu anayi. Ndowa yodzithandizira inali pakona, fungo lake likanatha kugwetsa khwangwala ali m'mwamba. Amene anandipatsa malo anali mkulu wina wa ku Njewa, mlimi wa tomato. Anamugwira vakabu, mlandu uja woti wapezeka ukungoyendayenda popanda chifukwa, pomwe iye ankadikira minibasi dengu lili m'manja. Anavula malaya ake, anawanyowetsa ndi madzi akumwa n'kundikulunga mapazi.

"Mwana wanga, ingovomera," anatero. "Anthu awa sakangana nawo. Uwapatse chimene akufuna, mapazi apume."

"Ndikavomera andifunsa makina, agogo. Ndiwatenga kuti? Ndiwabereke?"

Wina kumdima uko anati, "Mfana uyu sanakhute paipi."

Lamulungu amayi anabwera kuchokera kutchalitchi, akadali mu yunifomu, atanyamula bakuli la mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zija za kwathu. Ananditulutsa kukaima kuseri kwa kauntala, ndinagwirira thabwa kuti ndisagwe. Mapazi anga amayi sankawaona. Lamulo la kumeneko n'lakuti wobweretsa chakudya ayambe walawa yekha. Amayi analawa nthochi imodzi, anameza, koma ine osandiyang'ana.

"Akuti wavomera."

"Amama, ndinavomera kuitana, osati mlandu! Anandiitana dzina, ine n'kuti wawa, basi iwo..."

"Amayi," anadula Wamtali, "mwana wanuyu Nsungwi yense akumudziwa. Si uyu ankauza anthu kuti anamenyana ndi fisi pa dambo? Wavomera yekha, ndi pakamwa pake, mnzangayu ndi mboni."

Za fisizo n'zoona ndinanena. Anali galu wa aneba, koma anali wamkulu ndithu.

Amayi anatseka bakuli pang'onopang'ono. "Iwe ukandiuza kuti kunja kukugwa mvula, ine ndimayamba ndatuluka kukaona. Lero ndimve ziti? Abambo ako ndikawauza chiyani?"

Anatuluka osatsanzika. Mbalagha ndinapatsa agogo a ku Njewa ndi anzawo, ine osalawako. Amayi anga amakhulupirira kuti munthu wovala yunifomu ya boma sanama. Ndinadziwa kuti ngakhale makina atapezeka mawa, m'mutu mwawo mukhalabe mawu aja, akuti mwana wawo anavomera kuba. Ndiye ndinalumbira chamumtima: pakamwa pa Wamtali pomwe panawauza bodzali ndi pomwe padzalichotse. Kufikira tsiku limenelo, dzina langa apolisi aliitane mpaka atasasa mawu, ine sindivomera.

Lolemba m'mawa anabwera kudzaitana mayina. Aliyense ankayankha. Atafika pa langa, zii.

"Ameneyu wafa?"

"Alipo, bwana," anayankha agogo a ku Njewa. "Khutu likumuvuta."

"Khutu lili bwino," ndinatero ine. "Kungoti kuno kuvomera n'koopsa."

Anandipatsa ntchito yokataya ndowa. Masana anandipititsanso kuseri. Paipi inali yomwe ija. Lachiwiri anaitananso, sindinayankhe, ndinakatayanso ndowa.

Lachitatu chakumasana tinamva phokoso ku kauntala. Ndinazindikira mawu a Che Telala. Ndinamva pambuyo pake kuti iwo ankabwera tsiku lililonse kudzanena kuti mwanayu sangabe, koma ankawabweza. Tsopano atelala anzawo a ku mzikiti anali atapeza mutu wa makina uja pa msika ku Kawale, munthu wina wosamudziwa akuutsatsa. Che Telala anabwera nawo atakulunga m'thumba, anadzeranso kunyumba kukatenga amayi.

Chitseko cha chitokosi chinatseguka. Wamtali anaitana dzina langa.

Ndinakhala duu.

"Iwe, akukutulutsa!" anandigwedeza agogo aja. "Wapenga? Yankha!"

Wamtali anaitananso, mokalipa.

"Ndivomere chiyani, bwana?" ndinafunsa. "Kuitana kapena mlandu? Munene kaye, mnzanu asalembe zolakwika."

Chitokosi chonse chinaphulika ndi phwete. Wamtali analowa, anaponda anthu, anandikoka pa kolala mpaka ku kauntala. Amayi anali ataima pamenepo ndi Che Telala. Pa benchi panali anthu odzadandaula milandu yawo, onse maso pa ine. Wamimba anandiponyera lamba ndi nsapato.

"Vala uzipita. Uthokoze Mulungu wako."

Ndinakhala pansi pa simenti. Ndinayesa kuvala, nsapato zinakana. Mapazi anali atasanduka maungu. Apa m'pamene amayi anawaona koyamba. Sanalire. Anangogwira pakamwa.

"Sindichoka," ndinatero. "Auzeni amayi."

"Ndiwauze chiyani? Sakuona kuti watuluka?"

"Munawauza ndi pakamwa kuti ndavomera. Muwauzenso ndi pakamwa."

"Mfana, ukufuna ubwerere m'kati?"

"Malo anga akadalipo, bwana, agogo akundisungira."

Mantha ndinali nawo, osanama. Ndinkadziwa kuti akhoza kundibweza kuseri kuja, ndipo palibe akanawaletsa. Che Telala anayandikira, chipewa chawo choyera chili m'manja.

"Bwana, makina ndi anga, ndawapeza. Ine mwanayu sindinamutchule. Pakamwa pokha ndiye ali napo, koma manja ake ndi aulesi, sanganyamule ngakhale sizasi."

Pa benchi anthu anaseka. Phokoso lija linatulutsa bwana wamkulu mu ofesi mwake. Anaima pakhomo, anayang'ana mapazi anga, anayang'ana anthu a pa benchi.

Amayi anachotsa dzanja pakamwa. Analankhula motsitsa, monga amachitira popemphera.

"Bwana, amene ndinamuphunzitsa mwanayu kuvomera akaitanidwa ndine. Ndinkamumenya ndi chipande akachedwa. Ndiye ndiuzeni ine mayi wake: anavomera chiyani?"

Wamtali anayang'ana bwana wake. Bwana wake anayang'ana kudenga.

"Mlandu sanavomere," anatero Wamtali, mawu ali m'mano.

"Mokweza pang'ono, bwana. Khutu lija munalikonza Loweruka silikumva bwino."

"Sanavomere mlandu! Wamva? Tulukani!"

Amayi anawerama, anatola nsapato zanga, anandigwira m'khwapa. "Tiye, mwana wane." Njira yonse mu minibasi mapazi anga anali pa miyendo pawo, pa chitenje chawo chatsopano.

Nditayamba kuyenda ndinabwerera pa khonde la Che Telala. Ndinapeza nkhani yanga yafika kale, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga anthu anali ataikulitsa kuposa mwini wake. Ena ankati anandipachika ku denga. Ndinawauza kuti ayi, inali benchi ndi paipi basi. Anakhumudwa.

Bambo wa zitsulo za njinga uja sanapepese. Anati, "Komatu tisanamizane, apolisi akasiya kumenya, mbava zitimaliza. Chibwerere demokalase, ukayanika malaya uzikhala pomwepo. Mbava ingaulule bwanji osaikhudza?"

"Nanga amene anamukhudzayu ndi mbava?" anafunsa mayi wogulitsa mandasi.

"Zimachitika. Polima umadula ndi chimanga chomwe."

"Chimangacho chikadzakhala mwana wanu mudzatiuze," anatero mayi uja.

Che Telala anaimitsa makina. "Masiku onse aja ankamenya mwanayu, wakuba weniweni anali ku Kawale akutsatsa makina anga. Anamupeza ndani? Paipi?"

Anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Wina ankati apolisi malipiro awo ndi ochepa n'chifukwa chake ali ndi ukali. Wina ankati anazolowera nthawi ija munthu sunkafunsa. Palibe anagonja.

Ine ndi amayi tinaganiza zokadandaula kwa bwana wamkulu uja, za mapazi anga, komanso za agogo a ku Njewa omwe ndinawasiya m'kati opanda malaya. Aneba anatiletsa. Anati mwatuluka, mukufunanso chiyani, mudzaputa zina. Amayi anangomanga mpango. Ulendo woyamba anatiuza kuti bwana ali ku msonkhano. Wachiwiri akuti apita ku maliro. Bwana ameneyu abale ake amamwalira sabata iliyonse. Agogo aja anawatulutsa mwakachetechete, koma dandaulo lathu mpaka lero palibe walilemba. Timapitabe, Che Telala amatiperekeza akakhala kuti alibe zosoka zambiri.

Pa wailesi amanena za ufulu tsiku lililonse, ndipo kale ndinkayesa ndi chinthu chachikulu ngati bwalo la mpira, choti akuluakulu adzatigawira. Umene ndauona ine ndi waung'ono. Ndi kulowa pa geti ya polisi ndi miyendo yako, osaitanidwa, n'kukhala pa benchi, mantha uli nawo koma osanyamuka.

Sabata yatha tinakhala pa benchi paja kuyambira m'mawa. Mapazi anayamba kuwawa, ndiye ndinatambasula miyendo, inatseka kanjira kopita ku kauntala. Posakhalitsa Wamtali anatulukira, faelo ili m'manja. Anaima. Amayi anandigwira pa bondo kuti ndipinde. Sindinapinde. Anayang'ana mapazi anga, anayang'ana anthu a pa benchi.

"Mwaswera bwanji, amayi," anatero.

Kenako anailambalala miyendo ija, n'kudzera kukhoma.