Muwanga wa Pamanda a Amayi

Ndinaphunzira kulemba ndili ndi imvi kale, pasukulu ya kwacha imene inkachitikira m'tchalitchi chathu ku Chinsapo masana a Lachitatu. Anzanga ambiri anali azimayi otopa ndi kudinda chala. Ine chifukwa changa sindinamuuze mphunzitsi. Ndinkafuna kulemba dzina la amayi anga pa thabwa.

Amayi anamwalira Chinsapo isanadzaze, kukadali minda ya chimanga ndi midzi yowerengeka. Tinawaika m'manda a pamudzi pathu, kankhalango kowirira kotsetserekera kudambo. Masiku amenewo sitinkamanga ziliza, ndipo kwathu kunalibe wodziwa kulemba. Manda tinkawadziwira mitengo. Agogo aamuna anali pa msuku, khanda la azakhali pa kamthethe, amayi pa muwanga wa mphanda. Mitengoyo ndiyo inali zilembo zathu. M'menemo munthu sankatolamo ngakhale kankhuni kouma. Amayi ali moyo ankati mitengo ya kumanda ndi denga la ogona, Mulungu anatisiyira kuti tiziilondera.

Kenako tauni inatipeza. Aliyense ankafuna njerwa, ine n'kuyamba kuumba kudambo. Dothi linalipo, koma nkhuni zootchera zinayamba kusowa. Chaka china mitambo inayamba kusonkhana uvuni wanga usanaotchedwe, ndipo njerwa yaiwisi ikanyowa imabwerera kudothi.

Ndinalowa kumanda Lamulungu m'mawa, anthu ali kutchalitchi. Nyimbo zawo ndinkazimva ndikunola nkhwangwa. Ndinadziuza kuti ndidula ya m'mphepete yokha. Koma woumba njerwa aliyense amadziwa kuti muwanga ndiwo umasunga moto. Lamulungu lachitatu ndinapezeka ndaima pansi pa mtengo wa amayi. Ndinawomba m'manja ngati mlendo wodzapempha mchere, ndinati, "Amayi, chitsa chikhalapo, sindikutayani." Ndinatema.

Njerwa zinapsa bwino, zolira ngati chitsulo. Anthu ataona kuti mitengo ikugwa koma palibe wafa kapena kuchita misala, nawonso anatenga nkhwangwa zawo. Wayamba ndani, palibe anafunsa. M'zaka zochepa kankhalango konse kanatha, maliro anayamba kupita kwina. Chiswe chinadya zitsa, mvula inasalaza mitumbira. Wina analimapo, wina anadzagawa mapuloti. Lero pali nyumba za lendi, chigayo, ndi ngalande yodzaza majumbo.

Mlongo wanga wondiponda pamutu anadzakhazikika ku Kawale ndi ana ake. Chaka chatha anadwala matenda osadzukanso, ndipo ndinapita kukamuzonda. Ndinamupeza atagona pamphasa pakhonde, atawonda kwambiri, koma pakamwa pali pomwe paja.

"Achimwene, mwabwera chimanjamanja?"

"Ndinati ndikugulireni mzimbe, achemwali, koma ndinakumbukira kuti mano munapereka kalekale."

Anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anandigwira dzanja.

"Ndikapita, mukandiike pafupi ndi amayi."

"Kuja anamangako nyumba."

"Zimenezo ndikudziwa, sindine mlendo. Basi ndiuzeni chabe pamene agona, ndizidziwa. Si ndamva kuti tsopano ndinu ophunzira? Simunalembe penapake?"

Ndinayang'ana mapazi anga. Zaka zonsezo ndinali ndisanauze munthu, ngakhale mkazi wanga mpaka anamwalira.

"Sindikudziwa pamene ali. Muwanga uja ndinadula ndine."

Sanadzidzimuke. Anandisiya dzanja n'kukonza chitenje chake.

"Tsiku limene lija sindinapite kutchalitchi, mwana anali ndi malungo. Nkhwangwa ndinaimva. Ndinakuonani mukutuluka mutasenza chipika, mutavula malaya. Ndimadikira kuti munene nokha. Koma mumtima ndinkati, achimwene ndi munthu, ayenera kuti anaikapo mwala."

Sindinaikepo mwala. Ndinali pa changu, mvula inali pafupi.

Sanandikalipire. Anaitana mwana wake wamkazi kuti andiphikire tiyi, n'kutembenukira kukhoma. Patapita masabata awiri anatisiya. Tinakamuika kumanda akutali, kopanda mthunzi, kumene ziliza zandandalikana ngati nyumba za kampani. Dzina lake pamtanda ndinalemba ndekha. Adzukulu okumba manda anandiyamikira kuti madala amalemba bwino.

Akulu ampingo amandiuza kuti Mulungu amakhululuka, ndipo sindiwatsutsa. Koma chimene anandipatsa kuti ndilondere ndinachiotcha mu uvuni, ndipo njerwazo zili m'makoma a anthu amene sindikuwadziwa. Mitengo ndabzala ingapo pakhomo panga. Muwanga umakula pang'onopang'ono, ndipo ngakhale utakula, pansi pake sipadzakhala amayi.

Thabwa lija ndinalilemba ndithu, ndi penti yoyera. Maliro a mlongo wanga atatha ndinalinyamula kupita nalo kumene kunali manda. Ndinayesa kuwerenga mapazi kuchokera kudambo, koma dambolo nalonso linauma, ndipo njira iliyonse imathera pa mpanda. Ndinazungulira chigayo kawiri. Mayi wina wachitsikana amene ankachapa pakhomo la nyumba za lendi anaimika manja m'beseni.

"Agogo, mukufuna ndani? Ngati ndi alandilodi, kulibe."

"Ndikufuna amayi anga."

Anayang'ana imvi zanga, kenako thabwa, ndipo anafunsa mwaulemu ndithu, "Amakhala nyumba iti?"

Ndinayang'ana khomo lake, khomo loyandikana nalo, chimbudzi, chingwe choyanikapo matewera. Paliponse pakanatha kukhala pomwepo. Ndinamupepesa kuti ndasokoneza ntchito yake, n'kubwerera kunyumba. Thabwalo lili kuseri kwa chitseko changa. Ndikamasesa ndimalisuntha, ndikatha ndimalibwezera pomwepo.